Namwino Amene Ankapima Malungo ndi Dzanja

Inu amene mumati mwakula, sukulu inakupitani kale, tamvani za mayi Evelina a ku Khuyu.

M'chaka cha 1948 mayiwa anachotsedwa muwodi pachipatala cha mishoni, atagwirapo unamwino zaka makumi awiri ndi zisanu. Mlandu wake unali kagalasi kopimira kutentha kwa thupi. Sisitala wamkulu anapeza kuti kanasweka kunsonga masiku atatu apitawo, koma manambala papepala la wodwala ankalembedwabe m'mawa ndi madzulo.

"Evelina, kagalasi kakufa kakuuzani bwanji zonsezi?" anafunsa Sisitala.

Mayiwo anangozyolika. Zoona zake n'zakuti kagalasiko sanathepo kukawerenga. Sukulu anailekezera Sitandade 1, ndipo timizere ta pakagalasipo tinkangowazunguza mutu. Ankakaika m'kamwa mwa wodwala mwamwambo chabe, kwinaku akumugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja, n'kulemba zimene dzanjalo lanena. Kunena chilungamo, dzanjalo silinkaphonya kawirikawiri.

Sisitala anawatuma kukachapa mabandeji kunyanja. Dokotala akadzabwera ndi sitima yapamadzi adzawayesa mayeso; akakhoza abwerera muwodi, akalephera ndiye kuti ntchito yawo ndi sopo basi.

Amayi otunga madzi sanachedwe. "Adotolo a ku Khuyu lero akuchiza nsalu," ankatero akuseka. Zinawapweteka kwambiri, poti ambiri mwa osekawo anawabereketsa ndi iwo.

Safunsa anadya phula. Mayi Evelina anapita kwa Phyllis, namwino wachitsikana wongobwera kumene ku maphunziro, amene iwo omwe anamulandira tsiku lobadwa.

"Mwanangu, undiphunzitse kagalasi."

"Amayi, ine ndiphunzitse inu? Anthu adzati chiyani?"

"Anena kale. Chatsala n'choti ndidziwe."

Anayamba. Mzere umodzi lero, iwiri mawa. Phyllis anawapemphera kagalasi kakale kwa Sisitala, ndipo ku Khuyu kunalibenso wopulumuka. Asodzi osoka makoka ankapimidwa ali pantchito. Bambo Cyril, amuna awo, ankapimidwa kasanu patsiku osadwala n'komwe, mpaka anayamba kumazemba ponamizira kumunda wa chinangwa.

Sitima inafika, mayeso anayesedwa, mayi Evelina analephera. Kagalasi anakawerenga bwino, koma mafunso a milingo ya mankhwala anawagwetsa. Analira panjira yonse yobwerera kwawo. M'mawa mwake anali pakhomo pa Phyllis, sileti ili m'manja. Patapita miyezi isanu ndi umodzi dokotala anabweranso, ndipo ulendo uno anakhoza.

Atangobwerera muwodi, m'nyengo ya mwera, kunafika bwato lochokera ku Mbungo. Munali mayi atanyamula mwana wofooka, onse atanyowa ndi mafunde. Mayi Evelina anamugwira mwanayo pachipumi. Kunali kozizira, ndipo dzanja linati palibe malungo apa. Anaikabe kagalasi kukhwapa, n'kudikira. Kanaonetsa 105, kutentha koopsa kwambiri.

Mphepo ndi madzi zinali zitaziziritsa khungu, m'kati mwanayo akupsa. Anaitana Sisitala nthawi yomweyo, kwinini anaperekedwa, ndipo patatha sabata mwanayo anatuluka akuyenda yekha.

Tsiku lotulukalo mayi Evelina anaima pakhonde ndi Phyllis, akuyang'ana mayi ndi mwana wake akutsika njira. Analankhula motsitsa mawu.

"Chaka chatha ndikanamubweza kwawo ndi mankhwala a chifuwa. Sindidziwa kuti ndinabweza angati."

Kuyambira pamenepo, maphunziro alionse akalengezedwa pachipatalapo, dzina loyamba kulembedwa linkakhala lawo, mpaka imvi zinadzaza mutu.

Ndiye inu anamwino, ndi nonse amene mwakalambira pantchito yanu: chimene mumabisa kuti simuchidziwa, wina adzachilipira ndi moyo wake. Manyazi ofunsa kwa mwana amatha sabata imodzi. Funsani lero, ndipo mukalephera koyamba musataye mtima, tengani sileti mubwerereko.