Azakhali Anakana Kusaina

Azakhali anga agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu m'chipinda chapansi cha pa yunivesite, chopanda zenera. Digiri alibe, koma paja ukaipa dziwa nyimbo. Kuntchito amawatchula kuti Amagalasi, chifukwa ndiwo amalunjikitsa timagalasi tomwe timatsogolera kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa leza.

Ntchito ya m'chipindamo ndi iyi. Kuwala kukamenya atomu, kanthu kena kotchedwa elekitironi kamathothoka, ndipo asayansi a kumeneko amafuna kudziwa kuti kamatenga nthawi yaitali bwanji kuti katuluke. Nthawiyo ndi yochepa mosekesa: gawani sekondi kabiliyoni, kachidutswako mukagawenso kabiliyoni. Wotchi yake kulibe. Amatumiza kuthwanima kuwiri, koyamba kumenya, kwachiwiri kutsatira, ndipo mpata wapakati amauyeza posuntha galasi pang'onong'ono. Galasilo likangofunda, muyeso wanama.

Chaka chatha pulofesa watsopano anapeza kuti elekitironi ikuchedwa kuposa mmene wina aliyense anaonerapo. Anakondwa mpaka kugulira anthu zakumwa. Kenako anabwera ndi fomu yoti azakhali asaine kuti zida zonse zinali bwino.

"Sabata imene munkayeza ija makina oziziritsa chipinda anali atafa, bwana. Ndinakuuzani."

"Amayi, inu zanu ndi magalasi. Fiziki tisiyireni."

"Ndiye sainani nokha, poti dzanja muli nalo."

Kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti azakhali apume pantchito. Pulofesa anawachotsa pa leza n'kuwatumiza kosungira katundu, kuti azikagawa magolovesi. Ine zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinawauza kuti angosaina basi, kodi elekitironiyo ndi m'bale wawo?

"Iwe mwana wa achimwene, usandichititse manyazi," anatero. "Dzina langa silinakhalepo pa pepala lawo lililonse. Liyambe kuoneka pa bodza?"

Patadutsa milungu itatu kuwala kwa leza kunasokonekera, ndipo madokotala onse a sayansi a m'chipindamo analephera kukubwezera m'njira. Pulofesa anapita yekha kosungira katundu n'kuima pakati pa makatoni, manja m'thumba.

"Ndiye mukuti zimene ndapezazi n'zabodza?"

"Sindinatero, bwana. Mwina n'zoona. Ine ndikuti sitinayeze."

Azakhali anabwerera ku leza Lolemba, atagwirizana kuti ayambirenso pachiyambi, pulofesayo atakhala pompo akuona. Akuyezabe mpaka pano, ndipo azakhali apuma mwezi wamawa. Fomu ija sanasainebe.