Njinga za mwana wanga ndinazigawira mbumba

Malonda a mwana wanga ndinawaononga ndine, inu owerenga. Sanabedwe, sanalodzedwe. Lero mwanayo ali ku Joni, ndipo sindikudziwa ngati ndidzamuonanso maso anga asanachite khungu.

Ndine telala kuno ku Namwera. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma ana anga onse ndinawalera ndi makina osokera, ndipo palibe anagonapo ndi njala. Yusufu, mwana wanga wamwamuna yekhayo, anapita ku Joni ali mnyamata ngati mmene amachitira anzake ambiri kuno. Ankagwira ntchito m'shopu. Anabwerako kamodzi kudzakwatira, n'kubwerera mkazi ali woyembekezera.

Tsiku lina anaimba foni. Anati watopa ndi dziko la eni, akufuna kudzakhala kwawo. Anali atasunga ndalama zogulira njinga zamoto ziwiri zoti zizinyamula anthu ndi katundu pakati pa Namwera ndi Chiponde. Malondawo akakhazikika, iye abwere, azidzadyera pomwepo. Ndinakondwa kwambiri, koma sindinamuonetse.

Asanatumize ndalamazo anayamba mafunso. Oyendetsa akhala ndani? Azipereka motani? Matayala akatha, ogula ndani? Nanga dzinja, misewu ikaterera, anthu ali opanda ndalama? Anandipempha kuti ndikakhale kaye pa siteji masiku angapo, ndione mmene akabaza amagwirira ntchito, ndiwafunse, kenako tigwirizane. Ndinapsa mtima. Ine waimvi, kukapempha nzeru kwa ana a pa siteji? Ndinamuuza kuti malonda ndinayamba iye asanabadwe. Anangoti, "Chabwino, Baba." Ndalama anatumiza.

Njinga ndinagula, zofiira, zatsopano. Apa ndiye pomwe ndinalakwa. Kwathu kuno mwamuna ndi mwini mbumba. Ana a mchemwali wako amayang'ana kwa iwe, ndipo ukawataya anthu amakunena. Mchemwali wanga anali ndi anyamata awiri ongokhala, Amidu ndi Twaibu. Atamva za njinga anabwera nawo, n'kukhala pakhonde panga.

"Achimwene, ana anuwa azingoyendayenda inu mulipo?"

Makiyi ndinapereka pomwepo, anthu akuona. Anyamata atagwada n'kunena kuti "Zikomo, amjomba," ndinamva kukoma.

Pangano panalibe. Mjomba, ndiye kuti malume, sawerengetsa ana a mlongo wake ngati aganyu. Ndinangoti azibweretsa zomwe apeza. Poyamba ankabweretsadi. Kenako njinga zinasanduka za mbumba yonse. Maliro ku Lungwena, njinga ipite. Wina wadwala, njinga. Chinkhoswe, sadaka, njinga. Wachibale salipira, ngakhale mafuta ankati adzabweza. Anthu ankanditama, ine n'kumakonda. Ndalama ya kukonzetsa sitinapatule ngakhale tsiku limodzi. Yusufu akafunsa, ndinkati zikuyenda bwino.

Dzinja litafika, njinga ya Amidu inafa injini chifukwa oilo sankasintha. Tinayamba kuichotsa zitsulo kuti tizikonzera inayo. Ya Twaibu inatha matayala, kenako anagwa nayo m'matope atanyamula feteleza wa mayi ake, kutsogolo konse n'kupindika. Zonse ziwiri zinakalowa m'chipinda chomwe ndimasungira nsalu.

Yusufu anafika pa chikondwerero cha Idi osandiuza. Anabwera ndi zikwama zake zonse, kuntchito atatsanzika. Titadya, anapempha kuona njinga. Ndinamutsegulira chitseko. Anaima nthawi yaitali, n'kupukuta fumbi pachishalo ndi dzanja. Ndinkadikira kuti akalipe, kuti nanenso ndikalipe. Sanatero.

"Baba, bwanji simunandiuze?"

Ndinayankha mawu oipa. Ndinati mbumba ndi yanga, mwana sangandiphunzitse kusamala abale. Mwezi usanathe anakwera basi kubwerera ku Joni. Mkazi wake ndi mwana anawaitanitsa pambuyo pake.

Foni amaimba. Amandipatsa moni mwaulemu, ya mankhwala amatumiza. Za kubwera satchula, ine sindifunsa. Lachisanu ndikatuluka mumzikiti ndimaona anzanga akuyenda ndi ana awo, zidzukulu zitawagwira mkanjo. Mdzukulu wanga ndimangomumva pafoni, akulankhula chilankhulo cha kumeneko chomwe ine sindimva. Ndinamusokera kamalaya, koma msinkhu wake sindikuudziwa, ndiye kali m'kabati. Minibasi ikaima pafupi ndi khonde lomwe ndimasokera, phazi limaleka lokha kupalasa makina mpaka anthu onse atatsika.

Amidu ndi Twaibu sindidana nawo. Anachita zomwe ndinawalola.

Inu owerenga, makamaka akuluakulu anzanga, mverani. Mbumba ithandizeni ndi za m'thumba mwanu, mpamba wa malonda musaukhudze, makamaka ngati mpambawo ndi thukuta la wina. Malonda asanayambe khalani pansi, mudziwe kuti wogwira ntchito ndani, chikaonongeka akonzetsa ndani, nyengo ikavuta mudzatani. Mukatenga wachibale, nenani zonse poyera pali mboni, manyazi a tsiku limenelo sapha munthu. Ndipo zinthu zikayamba kupendama, muuzeni mwini wake zisanagwe. Mwana wofunsa mafunso sakunyozani, akufuna pofikira.

Foni ndili nayo, nambala yake ndimaidziwa pamtima. Mawu oti "ndinalakwa mwanangu, bwera" ndakwanitsa kuwalembera inu, anthu osakudziwani. Kwa iye pakamwa sipanatseguke. Musadzafike pamene ndafika ine.