Dzina la mudzi wathu pansi pa mlatho wa ku Kadoma

Agogo anga aamuna, a Jailosi, ndikawaganizira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la fodya wowamba ndi utsi wa nkhuni za bulugamu, poti moyo wawo wonse ankasonkhezera moto m'mabani a fodya pa famu ina kufupi ndi Chegutu. Famuyo italandidwa, ife antchito tinauzidwa kuti tizipita kwathu. Kwathu kuti? Tinakapanikizana m'kachipinda kamodzi ku Waverley, m'tauni ya Kadoma, ine ndili ndi zaka khumi.

Amalume anga, a Fanuelo, anati apita ku Malawi kukapempha munda kwa abale, tisanafe ndi njala. Koma agogo anali atadwala matenda ofa ziwalo, ndipo dzina la mudzi wawo linawathawa m'mutu. Agogo aakazi, amene ankalidziwa, anali atatisiya kale.

"Bambo, Ntcheu ndi yaikulu," ankatero amalume. "Ndikafika ndizikafunsa nkhuku?"

Agogo ankangotsegula pakamwa n'kutsekanso, misozi ili chuchuchu. Amayi ankagwada pa simenti kupemphera.

Tsiku lina m'mawa agogo anandikoka dilesi. "Iwe wa sukulu, tiye ku mlatho."

Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akukoka mwendo, mpaka pakati pa tauni pamene pali mlatho wakale wachitsulo wowolokera njanji anthu oyenda pansi. Ine mwana wa pa famu ndinali ndisanakwerepo chinthu chachitali chotero. Masitepe ake anali atakumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu, ndipo agogo ankapumira pa sitepe iliyonse.

"Ndiri kutya, sekuru," ndinatero m'Chishona.

"Ukuopa chiyani? Ine ndinakwera pano ndilibe nsapato, ndilibe mayi. Kwera!"

Titafika pamwamba ndinayang'ana pansi. Madenga onse a Kadoma anali pansi pathu, makombi onyamula anthu ngati tizikumbu, anthu pa mzere wa buledi ngati nyerere, ndipo njanji ziwiri zinkanyezimira mpaka kumene kumathera maso. Kenaka sitima ya katundu inadutsa pansi, mlatho wonse n'kuyamba kunthunthumira, kutentha kwa injini n'kutiwomba kumaso. Ndinangoti, "Yesu wanga!"

Agogo anagwira dzanja langa n'kulilowetsa kunsi kwa chitsulo chogwirira. Zala zanga zinamva timizere tokanda.

"Aliyense wotsika sitima kuchokera kwathu ankalemba mudzi wake pano ndi msomali," anatero. "Wobwera m'mbuyo ankasuzumira, n'kudziwa kuti m'tauni muno muli mbale. Gona chagada, uwerenge."

Ndinagona pa matabwa anthu akundilumpha, mayi wina n'kumakalipa kuti mwanayu wapenga. Abale anga, kunsi kuja kunali mayina osawerengeka, ena odyeka ndi dzimbiri, ena okwiririka ndi penti! Dedza, Tete, Mangochi, Chipata. Anthu onsewa anayenda ulendo wautali chonchi, ndipo tauni yonse inkadutsa pamwamba pawo osadziwa. Ndinawerenga mokweza, limodzi limodzi, ndikukwawa ndi msana, agogo akupukusa mutu. Khosi linawawa, dzuwa linakwera. Tili pafupi kufika kumapeto, nditataya kale mtima, ndinagunda pa zilembo zokhotakhota.

"Mpa-la-sa. Ncheu."

Ndodo ya agogo inagwa. Anavula chipewa. "Mpalasa," anatero bwinobwino, ngati munthu wosadwala. "Kuseri kwa phiri. Mlongo wanga ndi Nabanda." Ndipo anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Amalume anapita, anakapeza ana a mlongo wa agogo uja, ndipo anawadulira munda. Chimanga choyamba chinafika m'thumba pa basi agogo akadali moyo. Anachinunkhiza kaye, kenaka anatiuza kuti tipemphere.

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, ndipo nthawi zina ndinkadandaula. Koma Mulungu ndi wabwino, anandipatsa zilembo zokwanira ntchito ya tsiku limenelo. Ana anga amandiyankha m'Chishona, koma wina akawafunsa kwawo, onse atatu sachedwa: kwa Mpalasa, ku Ntcheu, kuseri kwa phiri.