Mpando wa m'ndeke wa ba Mwiche

Abambo Mfumu andiuza kuti ndilembe za moyo wa ba Mwiche Ngosa m'kapepala ka parishi yathu, poti ndinakula nawo. Chabwino, ndilemba, koma ndineneretu kuti mayi ameneyu ndinkamuchitira nsanje, ndipo nsanjeyo sinathe.

Ba Mwiche anabadwira ku Mbala, nabwera kuno ku Matero ali kamtsikana kudzalera ana a azakhali awo. Tinkatunga madzi pampopi umodzi, Ukaristia tinalandira tsiku limodzi. Kuimba ndinkawaposa ine, koma masisitere ankatama iwo basi, ati amagwada mwaulemu.

Titakula tinapita tonse kukafunsira ntchito yosesa kukampani ina yaing'ono ya ndeke, ya tindeke tonyamula anthu ochepa ndi mankhwala kupita ku Kasama, Mansa ndi Mbala. Anatengedwa iwo, ine n'kubwerera kumsika ku tomato wanga. Zaka zonsezo ankadzuka m'bandakucha, kolona m'manja, kukapukuta mipando ndi kuchotsa masanzi a okwera, osadandaula.

Chimene chinkandiwawa ndi ichi. Kampaniyo inkapatsa wantchito aliyense mpando umodzi waulere pachaka, akwere yekha kapena apatse amene wafuna. Ine ndeke ndinkangoionera m'mwamba, ndipo mpandowo ndinkachita kuulota. Chaka chilichonse ndinkapempha, iwo n'kungoseka, ati tione chaka chamawa. Kenako umva kuti amene wakwera ndi Chishimba wogulitsa makala, akukaika bambo ake ku Mansa, kapena ba Hillary, chidakwa cha kukomboni ya George chosadziwa n'khomo la tchalitchi lomwe, akuthamangira mwana wodwala ku Kasama. Ine mnzawo wa ponda apa m'pondepo, ayi ndithu.

Iwonso sanakwerepo. Chaka chimene amayi awo anadwala mwakayakaya ku Mbala, mpando anali atapereka kale. Anakwera basi, basiyo n'kufera panjira, ndipo anafika maliro ataikidwa. Atabwerako ndinawauza pamaso kuti ubwino wotere ndi uchitsiru. Anangopukuta misozi ndi chitenje, ndipo chaka chotsatira anaperekanso.

Atapuma pantchito, matenda a shuga anawagoneka. Ndinkapita kukawaphikira phala, koma nkhani ya mpando ija sindinaiiwale. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawafunsa chimene ndinawalakwira kuti andimane zaka zonsezo.

"Ba Monde, mpando uja unali wa anthu olira," anatero akundigwira dzanja. "Palibe amene anakwerapo akuseka. Imwe ndinali kukupemphererani kuti ulendo wotere usakugwereni."

N'zoona, mpaka lero sindinaikepo mwana.

Anamwalira mwakachetechete Lamlungu masana, atadzozedwa mafuta a odwala, ife azimayi tikuimba chapansipansi.

Pa Misa ya maliro Abambo Mfumu anapempha kuti amene anathandizidwa ndi mpando wa ba Mwiche aimirire. Mayo ine! Anaimirira mabenchi athunthu, a ku Lilanda, a ku George, ena ochita kuchokera ku Kasama, ena anthu amene sindinawaonepo. Pabenchi yathu ndinatsala ndekha chikhalire, ndipo mtima unandiwawa koposa kale.

Abale anga mwa Khristu, tsanzirani ba Mwiche nthawi ikadalipo. Mzimu wawo uuse mumtendere. Ine pamaliro anga sindikudziwa amene adzaimirire.