Ulusi m'mapazi a nkhumba

Ndikukumbukira khitchini yathu ku Sighthill, mumzinda wa Glasgow, m'nyumba zosanja zija anazigwetsa. Loweruka lililonse munkanunkha anyezi ndi mapazi a nkhumba osaphika. Amayi ankawayala pathabwa, kuwacheka ndi lezala, kenaka n'kuyamba kusoka mabalawo mwakachetechete, lilime ataluma. Ine zinkandinyansa, koma kuchokapo ayi.

Amayi anaphunzira udokotala ku America, pakoleji imene anthu akuda anamangiridwa m'masiku amene sukulu zina zinkawatsekera zitseko. Koma kuno ankasambitsa okalamba, kudikira mayeso oti awalole kugwira ntchito yawo. Ulendo woyamba analephera. Anatiuza kuti akalepheranso, basi, za udokotala aziiwala.

Kolejiyo ankaikonda, ngakhale inali yosauka. Ankati denga la labu linkadontha, makina oonera tizilombo ankachita kulandirana, ndipo chaka chilichonse kunkamveka mphekesera zoti sukulu itsekedwa. Zikopa zalabala zophunzirira kusoka kunalibe, ndiye mphunzitsi wawo, mayi wachikulire, ankabwera ndi ndowa ya mapazi a nkhumba. Akamaliza kusoka sankataya, ankaphika. Khalidwe limeneli Amayi anabwera nalo mpaka ku Glasgow.

Tsono kumpingo kwathu kunali a Chirwa, mkulu wampingo wosasunga mawu pakamwa. Ankanena poyera kuti sukulu yosauka choncho singatulutse dokotala, bola Amayi angokhazikika kwa okalambako. Tsiku lina ndinawapeza Amayi akulira pasinki, ndipo bambo amenewa ndinadana nawo kwambiri.

Lamulungu lina anabwera kudzacheza, Amayi n'kuwapatsa ndiwo zomwezo za mapazi a nkhumba. Anadya mpaka thukuta. Mwadzidzidzi anaima, n'kuyamba kukoka chinthu m'mano, chikubwerabe, chikubwerabe. Unali ulusi wakuda, mfundo zake zili ndondondo.

"Mayi, kodi nkhumba za kuno zimavala malaya?"

"Pepani bambo," anatero Amayi, "mwadya homuweki yanga."

Ine ndimvekere lero kuli nkhondo. Koma a Chirwa anauyang'anitsitsa ulusi uja, anaseka mpaka kutsamwa, n'kupempha kuti awaonjezere. Loweruka lotsatira anagogoda pakhomo ali wefuwefu, poti lifiti inali itafa, atanyamula jumbo ya mapazi a nkhumba. Anati dokotala asasowe odwala. Sanaphonyenso Loweruka mpaka Amayi anakhoza mayeso aja.

Lero mwana wanga wamkazi akuphunzira udokotala konkuno, ndipo ali ndi kachikopa kalabala kosokapo, kaukhondo, kopanda fungo. Tsiku lina anakawaonetsa agogo ake, amene manja ayamba kuwanjenjemera. Anakasisita nthawi yaitali, nati mphunzitsi wawo uja akanakaona akanalira ndi chimwemwe. Kenaka anakanunkhiza n'kumubwezera.

"N'kabwino mdzukulu wanga. Koma ukamaliza udya chiyani?"