Mkamwini Wopanda Mapepala

Bambo Harm Oosterveld anagwira ntchito yotsegula mlatho wa pangalande m'tauni ina yaing'ono ku Friesland mpaka pamene anapuma chifukwa cha ukalamba. Nyali ikakhala yofiira, boti linkaima, ngakhale mwini wake atakhala m'busa wochedwa kumaliro. Ikakhala yobiriwira, linkadutsa. Pa moyo wawo wonse sanalimbanepo ndi lamulo, ndipo anthu olimbana nalo ankawaona ngati osaleredwa bwino.

Za agalu sanaziyambe ndi iwo. Anaziyamba ndi malemu akazi awo, Mayi Aukje, amene ukwati udakali wauwisi anafika pakhomo ndi kagalu ka mtundu wa mopsi: nkhope yophwatalala ngati kanawombana ndi chitseko, maso otong'oka, mchira wopotana pamsana. Banjali silinadalitsidwe ndi mwana, choncho mibadwo yowerengedwa m'nyumbamo inali ya agalu, aliyense ndi mapepala ake ochokera ku bungwe la oweta amopsi. Zithunzi zawo zinadzaza khoma la pabalaza, pamene anthu ena amaika zidzukulu. Pomwalira, Mayi Aukje sananene za nyumba kapena za dimba. Anangoti, "A Harm, mtunduwu usathere m'manja mwanu."

Pa nthawi ya nkhani yathuyi panali patatsala galu mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Mientje. Mayi wake, Saartje, anafa asanakalambe, tsiku lina lotentha, ali pansi pa tebulo, lilime kunja, mpweya ukukana kulowa. A Harm sankaikamba nkhaniyi. Ankangonyamula Mientje m'dengu la panjinga, monga ananyamulira amopsi onse, pakuti mopsi akathamanga pang'ono amakhala pansi n'kuyamba kulira ngati ketulo.

Atapita naye kwa dokotala wa ziweto kuti akamuone ngati ali woyenera kubereka, dokotalayo, Mayi Zijlstra, anatulutsa lula.

"Bambo Oosterveld, ndikufuna kuyeza mphuno, koma sindikupeza poyambira."

"Yezaninso, adokotala. Mwina anaikokera m'kati."

"Lamulo la masiku ano likuti mphuno izifika gawo limodzi mwa magawo atatu a mutu, kuti galu azipuma ngati galu. Uyu ali m'gulu lofiira. Kumukweretsa ndi mopsi mnzake n'koletsedwa."

Mawu akuti "lofiira" a Harm anawamva bwino lomwe. Anavula chipewa.

"Pakali pano mpata ulipo umodzi," anapitiriza dokotala. "Mwamuna wake akhale wa mphuno yaitali ndi chifuwa chabwino. Koma musazengereze. Mpatawo akuti autseka, ndipo Mientje naye si mtsikana."

"Nanga anawo adzakhala amopsi?"

"Adzakhala agalu. Ndipo mwamuna woyenera ndikumudziwa. Ndi wamng'ono thupi, sadwala, mphuno ngati karoti. Amakhala kuseri kwa mpanda wanu."

A Harm anavala chipewa chija n'kutsanzika mwaulemu.

Kuseri kwa mpandawo kunkakhala Mayi Tjitske Veenema, amasiye a mlimi wina wa ng'ombe, ndi galu wawo Kobus, wosaka makoswe, amene bambo wake sankadziwika ngakhale kwa mayi wake. Kobus anayamba kalekale kufunsira Mientje pokumba pansi pa maluwa a m'malire. Tsiku lina a Harm anamulandira ndi paipi ya madzi, ndipo madziwo, posadziwa malire, ananyowetsa zochapa za Mayi Tjitske pamodzi ndi eni ake. Pambuyo pake a Harm anamanga mpanda wa matabwa wotalika kuposa munthu. Kuchokera pamenepo anebawa ankapatsana moni pa Chaka Chatsopano pokha, wogwedeza mutu.

A Harm anayamba ayesa kaye kubungwe la oweta amopsi lija. Wapampando anawauza poyera kuti ana osakanizika salandira mapepala, ndipo amene awabereketsa sakhalanso membala. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti anzawo ena akumawolotsa agalu malire a dziko, kumene kulibe malula.

"Mukundiuza kuti ndidutse nyali ili yofiira?" anafunsa a Harm.

"Ndikukuuzani kuti pali ngalande zina."

"Zikomo, apampando. Ine ndinali wa pamlatho."

Choncho anaimba telefoni kunyumba imene ankaiona pawindo, kupempha tsiku loti akacheze. Mayi Tjitske anati Lolemba ndi otanganidwa, Lachiwiri akaonetsa mano, abwere Lachitatu nthawi ya khofi. A Harm anafika atavala jekete la kumaukwati, maluwa ali m'manja. Anapatsidwa khofi ndi bisiketi imodzi, chitini n'kutsekedwa.

"Aneba, mwalakwitsa chitseko kodi? Kapena mwabwera kudzatsiriza kuthirira?"

"Mayi Veenema, ndabwera ndi nkhani ya banja."

"Ine? Pepani, ndinakwatiwapo kale, zinandikwana."

"Ndikunena za Kobus."

Mayi Tjitske anaika kapu pansi mosamala. "Kobus uti? Khoswe wa miyendo italiitali uja? Si mmene munamutchulira?"

"Ndinalankhula ndili wokwiya."

"Mapepala alibetu ameneyu. Pepala lokha limene analigwirapo ndi nyuzipepala yanga, ndipo analidya."

"Ali ndi mphuno."

"Anali nayo kuyambira kale, aneba. Inuyo ndi amene mwayamba kumene kuiona."

A Harm anafotokoza zonse mwadongosolo: lula, gulu lofiira, ndi mawu a malemu. Atatchula dzina la Aukje, Mayi Tjitske anatsegula chitini chija n'kuwapatsa bisiketi yachiwiri, chinthu chimene anthu a mumsewuwo akuti sichinachitikepo.

"Aukje anali munthu," anatero. "Chabwino. Koma pali ziwiri. Choyamba, mupepese."

"Pepani kwambiri, mayi, chifukwa cha madzi aja."

"Osati kwa ine. Ine ndinauma kalekale. Kwa mwini wake."

A Harm anaimirira, n'kumanga mabatani a jekete, n'kuwerama pang'ono kutsogolo kwa galu amene anali pamkeka. "Kobus, ndinakulakwira." Kobus anayasamula.

"Wamva. Chachiwiri, mkamwini sadzera kukhomo la alendo. Njira yake anaikumba yekha. Muzule thabwa."

Masana omwewo a Harm anazula thabwa limodzi, n'kusunga misomali yake m'botolo. Nyengo ya Mientje itakwana, Kobus sanafune nkhoswe.

Ana anabadwa anayi. Mayi Tjitske anabwera ndi buledi wouma wowazidwa timasiwiti tabuluu ndi tofiirira, monga zimakhalira kumeneko pakabadwa mwana. Poyamba tinkhope tonse tinali tophwatalala, ndipo a Harm anali ndi kachiyembekezo kamene sanakaulule. Koma mlungu ndi mlungu mphuno zinkatuluka, mosafunsa munthu.

Tsiku lina chakumasana a Harm anagogoda kwa aneba awo opanda kuimba telefoni, opanda jekete.

"Mayi Veenema, bwerani msanga. Ana aja sakupuma."

Mayi Tjitske anathamanga ndi masilipasi. Anapeza tiagalu tonse tili gone m'bokosi, timimba tikukwera ndi kutsika.

"Akupumatu awa."

"Nanga bwanji sindikumva kanthu?"

"Galu amapuma choncho, aneba. Mwaweta agalu moyo wanu wonse, koma simunamuonepo galu atagona."

A Harm anakhala pampando nthawi yaitali, akuyang'ana pansi pa tebulo pamene panalibe kanthu. Kenako anafunsa ngati mayiwo angamwe khofi.

Dokotala Zijlstra atayeza anawo, lula anapeza poyambira ndi pothera, ndipo panalibe wofiira. A bungwe anachita monga ananenera. A Harm anawathokoza chifukwa cha zaka zonse, n'kubweza baji yawo itapukutidwa. Ana atatu anapita kwa mabanja a m'tauni momwemo. Wamkazi mmodzi anatsala pakhomo, ndipo anamutcha Saartje.

Dengu la panjinga Saartje analikana tsiku loyamba. Chilimwe chitafika, kutentha ngati chaka chija anafa Saartje woyamba, anathamanga m'mbali mwa ngalande mpaka pamlatho, a Harm akupalasa pambuyo, Mientje ali m'dengu. Atafika, galu wamng'onoyo anali ataima chete akuyang'ana maboti, ndipo amene ankalira ngati ketulo anali mwini njinga.

Panatsala nkhani ya khoma. Mayi Tjitske ataitanidwa kudzaona chithunzi chatsopano, anaima pamzere wa nkhope zophwatalala zija, navala magalasi, nayandikira. Saartje anajambulidwa atafulatira.

"Aneba, wojambula wanu ndi woledzera? Nkhope ili kuti?"

"Nkhope ndi ya kwanu, mayi. Mukaifuna, kajambuleni muike kwanu." A Harm anawongola felemu ndi chala, kuti ifanane ndi zinzake. "Aukje anati mtundu usathe. Onani mchirawo mmene wapotanira. Mchira ndi wathu."