Mkanda wa Andileya

Ku Kabwata tinkakhala ana asanu ndi awili m'nyumba ya zipinda ziwili, ndipo nditangotha msinkhu amai anandipezela nchito yolela mwana ku Kabulonga, kwa Agiliki ena amene anali ndi bekale yophikila buledi m'tauni. Mbendela yatsopano inali itakwela kale, koma ife nsapato zinali zisanatifike. Mwanayo anali Andileya, wa miyezi isanu ndi itatu, wolemela ngati thumba la fulawa, ndipo sankagona popanda msana wanga. N'chifukwa chake bwana ndi adona atati apite kwao ku chisumbu cha Saipulasi kukamuonetsa kwa agogo ake, anati nanenso ndikwele ndeke.

Potsazikana amai anandigwila khutu. "Fostina, ni mwana wa bene uyo. Akakachita kanthu mumanja mwako, bazungu sibazakubweza. Wamvela?" Mau amenewo anandikhala pachifuwa ngati mbatata yomeza osatafuna.

Chisumbu chija ndi madzi mbali zonse, amchele, osapumula ngakhale pang'ono. Ine madzi ndinkadziwa a pampopi ndi a m'ngalande. Kumahotela a m'mphepete azungu ankagona pamchenga mizelemizele, atadzola mafuta, maso otseka, osagwedezeka. Tsiku loyamba ndinafunsa adona kuti kwagwa ngozi yanji. Anaseka mpaka kukhosomola.

Koma mantha enieni anali kwa amai ake a bwana, kukamudzi ka nyumba zoyela zamiyala pamwamba pa doko, konunkha nsomba ndi mbuzi. Nkhalamba zonse kumeneko zinkavala zakuda kuyambila duku mpaka masokosi, ngati malilo osatha. Titangofika zinatizungulila. Wina anamutsina Andileya patsaya, kenako n'kumulavulila katatu, thu, thu, thu! Wachiwili chimodzimodzi. Ndiye agogo ake, mai wamfupi wa ndevu zitatu pachibwano, anatulutsa mkanda wabuluu wokhala ndi diso pakati, n'kuuphanika ndi pini pamalaya a mwana. Diso lija silinkaphethila. Ndikam'beleka ndinkalimva likundiboola msana.

Kwathu munthu wolavulila mwana wa mnzake timam'dziwa chimene ali. Ndinati basi, amuika chizindikilo, adzabwela kudzam'tenga, ndipo wolakwa adzakhala ine. Tsiku lachitatu masana, onse atagona monga amachitila kumeneko dzuwa likakula, ndinatsika naye kudoko. Ndinamasula pini, ndinachita chizindikilo cha mtanda, n'kuponya mkandawo m'madzi kuseli kwa boti.

M'mawa mwake Andileya anadzuka thupi lili moto. Mkaka anakana, kulila kwake ngati kamwana ka mphaka. Agogo ake anam'vula malaya, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kupeza timabowo tiwili ta pini. Anakuwa, manja ali kumutu. Adona ananditembenukila.

"Fostina, mkanda uli kuti?"

Ndinafuna kunama, koma ndinangoloza kunyanja. Pomwepo ndinaona Kabwata akuchoka m'maso mwanga, msika, mpopi wathu, azing'ono anga. Ndinadziona nditakalamba pachisumbupo, nditavala zakuda, ndikudyetsa mbuzi za eni.

Agogo aja sanandimenye, ndipo kusamenyako kunandiopsa koposa. Anatenga mbale ya madzi, n'kumadonthezamo mafuta ophikila, akunong'ona mapemphelo ndi kuyasamula mpaka misozi. Bwana iye anathamangila dokotala kutauni, amene anati ndi khutu chabe, n'kusiya mankhwala ofiila a m'botolo. Masiku awili ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, kolona m'manja, chakudya osalowa. Kupuma kwake konse ndinkakumvetsela. Tsiku lachitatu mwana uja anandikoka mphuno n'kuseka. Mpaka tinachoka, bwana ndi amai ake ankakanganabe kuti wachilitsa ndani, mafuta kapena botolo.

Apo m'pamene adona anandikhazika pansi. Anati kwao amaopa diso la munthu wosilila. Malovu aja ndi mkanda n'zotchinjiliza, kuti woyamikila mwana asam'dwalitse. Ndinagwa nkhope, popeza nanenso, Mkatolika wobatizidwa, ndinali ndi kachingwe kanga m'chiuno kamene ndinamangilidwa kunyumba. Tsiku lonyamuka agogo aja anandigwila mapewa, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako thu, thu, thu, pamphumi panga. Ndinaima nji. Ndinakapukutila m'galimoto, asakuona.

Lelo adzukulu anga ku Chelstone amandionetsa magombe omwewo pafoni. Amati, "Ambuya, shuwa munafikako imwe? Manje mapikicha ali kuti?" Iwo nyanja saiopa, amafuna kukasamba n'kujambulitsa. Mtsikana wa msinkhu umene ndinali nao ine masiku ano amam'pelekeza ngakhale kugolosale, ndipo ndi bwino, sindinena kanthu. Ine anandibeleketsa moyo wa munthu n'kundiolotsa nyanja, popanda wondiuza kuti kumene tikupita amachita zotani. Ndinabwela naye wamoyo, anakula, anakhala ndi ndevu zake. Koma mpaka pano, mwana akatentha thupi ali m'manja mwanga, ndisanaganize za chipatala ndimayamba ndadzifunsa kuti kodi ndataya chiyani.